A Nduna Ali Mumtengo

Kwathu ku Agra, m'nyumba yojambuliramo zithunzi za Mfumu, m'mene ambirife tinkagwira ntchito, chithunzi chimodzi chinkadutsa m'manja mwa anthu awiri: Ustad Behruz, katswiri wa ku Tabriz m'dziko la Perisiya, nkhalamba yosamva za mnzake, ankalemba mizere, ndipo Dhaniram, mbadwa ya konkuno, amene mawu ankawatenga monga momwe atulukira pakamwa, ankapaka utoto ndi kuika nkhope. Chaka chimene Mfumu inapha mkango kutsidya kwa mtsinje wa Jamuna awiriwa anapita nawo kosakako, ndipo atabwerako anapatsidwa ntchito yojambula zimene zinachitika, kuti chithunzicho chikaonetsedwe pa chikondwerero cha chaka chatsopano.

"Dhaniram."

"Wawa, Ustad."

"Tabwera kuno. Ichi n'chiyani?"

Dhaniram anapukuta burashi yake ya ubweya wa gologolo, nasuzumira papepalapo.

"Ndi mtengo, Ustad. Munaulemba ndinu."

"Mtengo ndikuudziwa. Ndikunena ichi chili mumtengomu."

"Oo, amenewo? Ndi a Nduna Shamsher Beg, mkulu wa asilikali."

"Ndikuwaona kuti ndi a Nduna! Akutani mumtengo?"

"Akugwira nthambi."

Ustad anatsinzina kaye, napuma mozama.

"Ine a Nduna ndinawalemba apa, pa hatchi, kudzanja lamanja la Mfumu, lupanga lili m'mwamba."

"Hatchi ndaisiya, Ustad. Siyo? Taonani m'mene ikunyezimira."

"Ilibe munthu!"

"Inalibe munthu."

"Iwe!"

"Mkango utangobangula, hatchi inatsala yokha. Ine ndinatembenuka kamodzi, ndinapeza a Nduna ali kale panthambi. Thupi lonse lija, Ustad! Nyani akanaphunzirapo kanthu."

"Tsitsa mawu, chitsiru iwe! Ukuwadziwa a Nduna? Wophika wawo anangochulutsa mchere mu mpunga, lero akuphikira udzudzu ku madambo a ku Bengal. Ife adzatidula zala zazikuluzi. Udzajambula ndi chiyani? Ndi chigongono?"

Dhaniram anayang'ana chigongono chake, nachipinda kawiri.

"Sichingagwire burashi."

"Sindikufunsa!"

"Koma Mfumu inati tijambule zimene zinachitika. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Mfumu ikati zimene zinachitika, imatanthauza zimene zikanachitika anthu akanapatsidwa nthawi yoganiza."

"Ndiye bwanji sinanene choncho?"

"Chifukwa ndi Mfumu! Vuto lanu anthu akuno ndi limeneli. Mukaona mimba, mumajambula mimba. Mukaona njerewere pamphuno, njerewere ija mpaka papepala, ndi katsitsi kake komwe. Kwathu ku Tabriz nkhope ndi imodzi basi: yozungulira ngati mwezi, timaso tating'ono, kakamwa ngati kambewu. Mfumu yomweyo, kapolo yomweyo, mkwatibwi yomweyo. Chibadwire sindinamvepo munthu atadandaula."

"Nanga mayi amamuzindikira bwanji mwana wake?"

"Amaona nduwira!"

"Akavula?"

"M'chithunzi savula! Tamvera. Sindikufuna zambiri. Usinthe nkhope ya munthu ameneyu. Umupatse nkhope ya kwathu, yangati mwezi, aliyense asamudziwe. Aoneke ngati wantchito wamba amene anachita mantha. Wamva?"

"Nkhope ngati mwezi."

"Eya."

"Mwezi wathunthu kapena wapakati?"

"Wathunthu!"

M'mawa mwake Ustad analowa akutafuna mphesa zouma, nalunjika pamene panali chithunzi. Mphesa imodzi inamutsamwa.

"Dhaniram!"

"Wawa, Ustad. Mwauona mweziwo? Ndauzungulitsa ndi chigoba cha nkhono kuti usapotoke."

"Mwezi ndauona. Nanga izi zalendewera kunsi kwa mweziwu?"

"Ndi ndevu."

"Zofiira!"

"Amazipaka zofiira."

"Mu Agra monse muno, ndani wina ali ndi ndevu zofiira zogawika pawiri ngati mchira wa nsomba?"

Dhaniram anaganiza kwa kanthawi, akuwerenga anthu mumtima.

"Palibe. Ndi a Nduna okha."

"Ndiye wasintha chiyani?"

"Nkhope. Munati nkhope. Ndevu si nkhope, Ustad. Nkhope munthu amabadwa nayo, ndevu zimachita kubwera."

"Nanga mimbayi? Nanga lamba wa miyala yobiriwirayu, amene Mfumu inawapatsa pamaso pa anthu onse?"

"Za mimba simunanene."

Ustad anakhala pansi pa kapeti, nagwira mutu ndi manja onse.

"Ndinalakwa chiyani ine kuti ndisiye mavwende a kwathu, ndidzafere kuno kotentha ngati ng'anjo, pakati pa anthu opanga utoto ndi mkodzo wa ng'ombe?"

"Koma ndi wowala bwino wachikasu umenewo. Inunso mumaugwiritsa ntchito."

"Ndimaugwiritsa ntchito nditatseka mphuno!"

"Nthawi zina mumanyambita burashi."

Ustad analavula kumbali, napukuta lilime ndi mkono wa mkanjo.

"Leka zimenezo. Vuto si nkhope, ndaona tsopano. Vuto ndi mtengo. Munthu akakhala mumtengo, aliyense amafunsa kuti wakweramo chifukwa chiyani. Mawa ndikabwera, ndisaonenso mtengo pachithunzi pano. Usatsale ngakhale tsamba."

"Ngakhale tsamba."

"Ngakhale limodzi."

"Mtengo wokongola chonchi, Ustad? Munautaya nawo nthawi."

"Upale!"

Dhaniram anatenga kampeni kake kopalira, nayamba ntchito mwakachetechete. Tsiku lotsatira Ustad anafika mochedwa, akuyenda monyang'wa ngati munthu amene wathana ndi mlandu. Anawerama pachithunzi. Anawongoka. Anaweramanso.

"Mtengo uli kuti?"

"Ndaupala. Fufuzani, simupeza tsamba."

"Nanga a Nduna akutani m'mwambamu?"

"Akugwira nthambi."

"Palibe nthambi!"

"Munati ndichotse."

"Ndiye munthu wakumbatira mphepo, miyendo yapinda, pakamwa pali yasa, ali lende pakati pa thambo ngati chovala choyanika!"

"Inenso zinandidabwitsa. Ndinati, koma a Ustad amadziwa zinthu. Mwina ndi m'mene amachitira ku Tabriz."

"Ku Tabriz munthu sayandama!"

"Ayi?"

"Ayi! Munthu amakhala pansi, pa hatchi, kapena pampando. M'zithunzi za kwathu, m'mwamba mumakhala mbalame, mitambo ndi angelo. Basi. Wopanda mapiko alibe malo m'mwamba. Ukumva? Alibe malo!"

"Wopanda mapiko alibe malo m'mwamba."

"Mwamva tsopano, a Dhaniram! Zikomo! Konza zimenezo. Ine mutu ukundiwawa, ndikukagona."

Tsiku limenelo Dhaniram anatuluka, sanaonekenso m'nyumba yojambulira mpaka dzuwa litapendeka. Anabwera atamanga kansalu pachala, malaya akununkha, tonse tinasuntha mikeka yathu. Ustad atafika m'mawa mwake, anapeza chithunzi chavundikiridwa ndi nsalu yoyera, Dhaniram atakhala pambali pake akumwetulira.

"Chala chatani?"

"Chinandijompha, Ustad. Koma ntchito yatheka."

"Chinakujompha chiyani?"

Dhaniram anavundukula nsalu ija. Ustad anayang'ana chithunzicho. Anatsegula pakamwa, natseka, natsegulanso.

"Awa ndi mapiko."

"Eya."

"Wawapatsa mapiko a Nduna."

"Tsopano ali ndi malo m'mwamba."

"Ine ndimati uwachotse m'mwambamo!"

"Munati wopanda mapiko alibe malo. Ndinabwereza, inu munathokoza."

"Mulungu wanga! Chabwino, mapiko. Koma mapiko a mngelo amakhala obiriwira, ofiira, agolide kunsonga. Awa akuda bii, othothoka, ngati tsache lakale. Mngelo wanji ameneyu?"

"Mngelo ndikanamuona kuti, Ustad? Sindijambula chinthu chimene sindinachione. Ndinayamba ndi nkhunda, ndinaona kuti sizingatheke. Ndinayesa tsekwe, ayi ndithu. Ndiye ndinapita kuseri kwa mpanda kumene amataya ngamila zakufa."

"Usanene."

"Muimba, Ustad. Ndi muimba yekha angathe kunyamula mimba imeneyi. Ndinamugwira mmodzi kuti ndiyeze phiko. Sanakondwere nazo."

"Mkulu wa asilikali a Mfumu, wamusandutsa mbalame yodya mitembo!"

"Mapiko okha. Kwinaku ndi iwo ndithu."

"Ndiye vuto lake limenelo, kwinaku ndi iwo ndithu!"

Ustad anayendayenda m'chipindamo, akuponda zigoba za utoto. Mwadzidzidzi anaima, nabwerera pachithunzi, naika chala pamutu pa Mfumu, kenako pa mapazi a Nduna. Nkhope yake inasanduka ngati phulusa.

"Dhaniram. Mutu wa Mfumu uli apa."

"Eya."

"Mapazi a Nduna ali apa."

"Eya. Phazi linalo lilibe nsapato. Inagwa pokwera."

"Mapazi a Nduna ali pamwamba pa mutu wa Mfumu."

"Anali pamwamba."

"Pamene panali mtengo, unali mlandu wa mantha. Tsopano ndi mlandu woukira! Munthu akuuluka pamwamba pa Mfumu, phazi lopanda nsapato lili pa nduwira yachifumu! Izi si za zala ayi. Izi ndi za njovu. Adzatigoneka pabwalo, njovu idzatiponda mitu ngati maungu!"

"Njovu iti?"

"Zili ndi ntchito?"

"Ngati ndi ija yothyoka nyanga, ndimaidziwa. Ndinaijambulapo. Ndi yofatsa."

"Idzakuponda mofatsa! Tamvera, palibe munthu amakhala pamwamba pa Mfumu. Palibe! A Nduna ayenera kukhala pansi pa Mfumu."

Dhaniram anatenga kampeni, naloza pa hatchi ya Mfumu.

"Ndiye ndipale iyi?"

"Upale hatchi ya Mfumu chifukwa chiyani?"

"Pansi pa Mfumu pali hatchi. Onse awiri sangakwane. Ndichotse hatchi, ndiike a Nduna, Mfumu iwakwere."

"Siya kampeniko!"

"Chishalo ndingachisiye, kuti Mfumu isamve kuwawa."

"Siya! Ika pansi! Khala uko, manja uike pamaondo, usakhudze kanthu!"

Dhaniram anakhala, naika manja pamaondo. Ustad anakweza pepala lija kuliyang'anitsa kudzuwa. Pamene panali mtengo panali patapyapyala moti kuwala kunkadutsa.

"Taona, silingapalidwenso. Tikangolikhudza ndi mpeni, libooka."

"Ndiyankhe, kapena ndingokhala?"

"Ungokhala. Ndikonza ndekha, mwa kwathu. Chimene sichingachotsedwe chimaphimbidwa. Ndiika mtambo. Mtambo waukulu, wopotanapotana, woyera ndi wabuluu, umeze munthu yense ndi mapiko ake omwe. Anthu adzati, taonani mtambo wa Ustad Behruz. Patse utoto woyera."

Dhaniram sanasunthe.

"Ndati patse utoto woyera!"

"Munati ndisakhudze kanthu."

Ustad anadzitengera yekha, akung'ung'udza m'chinenero cha kwawo mawu amene sitinkawamva koma tinkawadziwa. Kunena zoona, dzanja la nkhalamba ija linali lodala. Mtambo unayamba kumera pamwamba pa nduwira ya a Nduna, ukupindika ngati utsi wa lubani, nutsika pang'onopang'ono kuphimba chipumi, maso, mphuno. Unali utangofika pamlomo wam'mwamba pamene kunja kunamveka ndodo ya mlonda wa kunyumba yachifumu ikugogoda pachitseko. Uthenga unali waufupi: Mfumu sidikira chikondwerero, ikufuna kuona chithunzi cha mkango tsopano lino, pamene yakhala ndi nduna zake m'munda wamaluwa.

Mlonda atatuluka kukadikira panja, awiriwa anayang'ana chithunzi chija. Pansi, Mfumu ikulasa mkango. Pambali, hatchi yopanda munthu. Kumwamba, mtambo wokongola kwambiri, ndipo kunsi kwake kukutuluka ndevu zofiira, mimba, mapiko a muimba ndi phazi lopanda nsapato.

"Mayo ine, m'mimba!" Ustad anadzipinda pakati. "Mango aja! Ndinanena ine kuti zipatso zakuno zidzandipha."

"Si nyengo ya mango ino, Ustad."

"Ndi a chaka chatha! Pita wekha. Ine sindingaime pamaso pa Mfumu ndili chonchi."

"Ndikanene kuti mwatsegula m'mimba?"

"Usakanene kanthu za ine! Dzina langa lisakatuluke pakamwa pako. Wamva? Dzina langa, ayi."

"Dzina lanu, ayi."

"Ndipo usakayambe kulankhula wekha. Ukangoyankha zimene wafunsidwa."

"Zimene ndafunsidwa zokha."

"Pita. Mulungu wako akuperekeze, wanga ali ndi ntchito kuno."

Dhaniram anakulunga chithunzi m'nsalu, natsatira mlonda. Asanafike n'komwe pachipata, m'mimba mwa Ustad munachira. Anayamba kulonga maburashi, timiyala tabuluu, mwala wosalazira mapepala ndi kapeti yake yopempherera, zonse m'thumba limodzi, akufunsa aliyense ngati amalonda a ngamila opita ku Kabul anali atanyamuka kale. Anali akumanga pakamwa pa thumba pamene Dhaniram analowa, mutu uli pamalo pake, zala zonse zilipo, atanyamula mtolo kukhwapa.

"Wabwera!"

"Ndabwera."

"Wamoyo!"

"Eya. Mukupita kuti ndi thumba, Ustad?"

"Ndikuliyeza kulemera. Fotokoza! Zinatha bwanji?"

"Ndinatuluka pano, ndinakhotera kumanzere, ndinadutsa pa khola la njovu..."

"Dumpha zimenezo!"

"Sindinadumphe, ndinazungulira."

"Kwa Mfumu! Unafika kwa Mfumu! Kenako?"

"Ndinagwada. Ndinapereka chithunzi. Mfumu inachiyang'ana nthawi yaitali. Inayamba ndi mkango, inati mkango uli bwino. Inaona hatchi yake, inati hatchi ili bwino. Kenako inakweza maso."

"Ndiye?"

"Inafunsa kuti, ichi n'chiyani?"

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ndi mtambo."

"Wachita bwino! Mwana wanzeru! Kenako?"

"Inati, mtambo ndikuuona, ndikunena ichi chalendewera kunsi kwake. Ndinati ndi a Nduna Shamsher Beg."

Ustad anagwira khoma.

"A Nduna analipo?"

"Anali ataima pafupi ngati pamene pali inupo. Ndevu zinkanjenjemera."

"Ndiye Mfumu?"

"Inafunsa kuti mapikowa abwera bwanji. Ndinayankha zimene ndinafunsidwa. Ndinati poyamba anali mumtengo, monga zinachitikira. Kenako ndinauzidwa kusintha nkhope. Kenako ndinauzidwa kupala mtengo. Kenako ndinauzidwa kuti wopanda mapiko alibe malo m'mwamba."

"Unauzidwa ndi ndani? Sunatchule dzina langa?"

"Ayi, Ustad. Munandiletsa."

"Ha, Mulungu ndi wamkulu!"

"Ndinangoti nkhalamba ya ku Tabriz imene ndimagwira nayo ntchito, ya mphuno yaitali, imene yatsala kunyumba chifukwa cha mango a chaka chatha."

Ustad anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi.

"Basi. Ndafa ine. Njovu ibwera nthawi yanji?"

"Za njovu sizinanenedwe. Mfumu inayamba kugwedera mapewa. Ine ndinayesa ikudwala. Kenako inaphulika kuseka, Ustad, kuseka kwake! Chikho chinagwa, madzi a zipatso anatayikira pa mwinjiro. Inkati ikasiya, iyang'ane phazi lopanda nsapato lija, iyambirenso. Nduna zonse zinayamba kuseka."

"A Shamsher Beg?"

"Anayang'ana uku ndi uku, nawonso anaseka. Kuseka kwake kouma ngati chitseko chosadzola mafuta, koma anaseka. Kenako anati, Mfumu ikhale ndi moyo wautali, ine ndinakwera mumtengo muja dala, kuti ndione bwino kumene mkango ukulowera, ndichenjeze alenje."

"Anatero?"

"Anatero. Mfumu inati, n'chifukwa chake unkafuula kuitana amayi ako? Iwo anati inali mfuu yankhondo ya kwawo."

Ustad anatulutsa kaphokoso m'mphuno, nadzigwira pakamwa.

"Ndiye za ife? Zala?"

"A Nduna anandiyang'ana moipa, koma Mfumu inati aliyense wokhudza ojambula ake, ngakhale chikhadabo chokha, chithunzi chimenechi chidzapachikidwa pachipata cha mzinda. A Nduna anati amatikonda ngati ana awo."

"Eee?"

"Ndipo Mfumu inafunsa kuti mtambowu walemba ndani. Inati sinaonepo mtambo wotere. Inati mtambo wa ku Perisiya pamwamba, mimba ya ku Hindustani pansi, zagwirizana ngati mpunga ndi mafuta. Chithunzi yachisunga m'buku lake lakelake. Ndipo yatumiza izi."

Dhaniram anamasula mtolo uja. Munali mikanjo iwiri yaulemu, yasilika, yopetedwa ndi ulusi wagolide m'khosi. Ustad anaimirira pang'onopang'ono. Anatenga umodzi, nausisita, nauvala pamwamba pa zovala zake zapaulendo, nakankhira thumba lija kuseri kwa mtsuko ndi phazi.

"Ndinadziwa ine."

"Munadziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba. Ukuganiza kuti ndinkakuuza zonse zija mwangozi? Nkhope, mtengo, mapiko? Ndinkakutsogolera, mwana wanga, pang'onopang'ono, ngati wakhungu pamlatho. Mfumu ndimaidziwa mtima wake. Imakonda choonadi chothira shuga pang'ono."

"Nanga m'mimba?"

"Mwachira ndi chimwemwe. Ndimanena nthawi zonse ine, wojambula asaope munthu. Zimene diso laona, dzanja lilembe. Anthu a ku Tabriz tili choncho, sitibisa kanthu."

"Mwanena ngati Mfumu, Ustad. Nayonso yatero. Yalamula chithunzi china cha pa chikondwerero."

"China? Ha! Unene, unene!"

"Chachikulu, cha masamba awiri. Yati ulendo uno pasakhale mtambo, pasakhale mapiko, pasakhale mwezi. Zonse monga zinachitikira, aliyense ndi nkhope yakeyake, pamalo pamene anali."

"Zabwino kwambiri! A Nduna abwerere panthambi pawo!"

"Inafunsanso za mtengo uja, ndinati unali wautali, koma m'chithunzi choyamba unadukira m'mphepete mwa pepala. Ikufuna uoneke wonse, kuyambira kumizu mpaka kunsonga."

Ustad, amene ankadziyang'anira mkanjo wake m'madzi a mumtsuko, anasiya kumwetulira.

"Kunsonga kulibe kanthu. Masamba okhaokha."

Dhaniram anatenga pepala latsopano ndi kamtengo kamakala, nakhala pansi moyang'anizana ndi nkhalamba ija, napendeketsa mutu, natsinzina diso limodzi.

"Tatembenukirani kuno pang'ono, Ustad. Eya. Tsopano muyang'ane pansi."

"Ukutani?"

"Mukweze manja onse, ngati mwakumbatira chinthu. Nduwira ipendekere kumanzere."

"Dhaniram, ndati ukutani?"

"Mutsegule pakamwa. Kwambiri. Tsiku lija munatsegula kuposa apo."

"Tsiku liti? Iwe, unaona chiyani?"

"Zonse, Ustad. Pepala loyamba lija ndi limene linali lalifupi."

"Unali kutali! Kunali fumbi! Mwina anali nyani!"

"Nyani sapemphera m'chinenero cha ku Tabriz."

"Dhaniram, mwana wanga, mbale wanga, taganiza bwino. Munthu wa zaka zanga, mawondo owawa chonchi, angakwere bwanji mtengo wotero kuposa mkulu wa asilikali?"

Dhaniram analemba mzere woyamba wa mphuno, wautali bwino, osakweza maso.

"Inenso ndinadabwa, Ustad. A Nduna anangotsatira. Njira munawaonetsa ndinu."